Liwiro Limene Linathera pa Chitunda cha Damu

Ine pa mpira sindinali munthu wa liwiro. Ndinakulira ku Honde, cha ku Mandeya, kumene bambo anga anapeza kamunda atasiya kuthyola tiyi. Iwo anachokera ku Mulanje ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Kumeneko mwana amakula ndi mkoko wa nthochi pamutu, kutsika nawo tinjira toterera kukadikira basi kumsewu, n'kukweranso mtunda womwewo. Miyendo yanga inaphunzira zimenezo. Nditayamba kusewera ankandiika pakati, ndipo ntchito yanga inali kukakamira munthu mpaka atatopa. Kumayambiriro kwa gemu aliyense ankandidutsa. Kumapeto ndinkadutsa aliyense, osati chifukwa ndawonjezera liwiro, koma chifukwa lawo latha. Anthu sankandiombera m'manja. Ankaombera aja othamanga m'mbali mwa mzere, amene theka lachiwiri amakhala atagwira m'chiuno. Ndinkawachitira nsanje, ndipo nsanjeyo ndinkaitcha kudziwa mpira.

Nditakwatira ndinasamukira ku esiteti ya tiyi cha ku Chipinge, kumene ndinapeza ukapitawo wa othyola masamba. Bondo lakumanzere litayamba kutupa ndinasiya kusewera, ndipo timu ya pa esiteti inagwera m'manja mwanga chifukwa panalibe wina woifuna. Za ukochi sindinaphunzirepo kulikonse. Ndinali ndi wenzulo, wotchi yapamkono yokhala ndi muvi wa masekondi, ndi chikhulupiriro chimodzi, choti gemu amapambana ndi amene watsala ndi mpweya. Bwalo lathu linali pakati pa fakitale ndi komboni, lopendekeka pang'ono, moti timu iliyonse inkafuna kuyamba ndi kukwera kuti theka lachiwiri izitsetsereka.

M'timumo munali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri wosewera kuphiko lakumanja. Ankagwira ntchito kufakitale, kutsitsa matumba a masamba m'ngolo ya thirakitala. Kwawo anali Asilamu. Bambo ake, mkulu wochokera ku Mangochi amene anagwira ulonda zaka zambiri, anali ndi makina osokera pakhonde, ndipo majezi athu onse anali ndi zigamba za dzanja lawo. Nyumba zathu zinali mzere umodzi, yawo kumapeto pafupi ndi mpopi. Mwanayo ndinamuona akukula. Ankanditchula kuti akochi ngakhale tikakumana kuchigayo.

Sindinaonepo munthu wonyamuka ngati iyeyo. Ambiri amayamba athamanga, liwiro n'kumabwera pambuyo. Iye liwiro linali pa phazi loyamba. Ankawerama pang'ono ngati wagwetsa kanthu, ndiye wotchinga kumbuyo pomati atembenuke, mnzake ali kale pa mbendera ya pakona. Azimayi a kukomboni ankaimirira mpira usanamufike, akangoona kuti ukulowera mbali yake. Koma akathamanga chotero kanayi kapena kasanu, ankafunika kuima. Theka lachiwiri likafika pakati ankakhala atatheratu, ali wefuwefu, ndipo ine ndinkamutulutsa. Anthu ankandikuwiza. Ndivomere kuti pomutulutsapo mumtima mwanga munkakhala kachisangalalo kena.

Munali m'chaka cha 2008, pamene m'masitolo a m'tauni ya Chipinge munatsala mashelefu okhaokha. Chimene chinkatisunga pa esiteti ndi ufa umene akampani ankagawa ukapezeka, ndipo sunkapezeka mwezi uliwonse. Tinkadya kamodzi patsiku: nthochi zaziwisi zophika, mapeyala, nthawi zina mbatata ngati wina wabwera nayo kuchokera kumidzi ya aNdau, eni dera lino. Tiyi yekha ndiye sankasowa, wopanda shuga, wongomwera kunamiza m'mimba. Osewera anga ankachoka mmodzimmodzi. Goloboyi anapita kukakumba dayamondi, otchinga kumbuyo awiri analowera ku Joni. Otsalafe tinkasewerabe Lamlungu lililonse, chifukwa Lamlungu lopanda mpira linkatalika kwambiri kwa munthu wanjala.

Lamlungu lina kunabwera timu ya m'tauni. Pagulu lawo panali bambo wina wovala jekete lachikopa, wothandizira kochi wa timu ina yaikulu ya ku Mutare, amene anabwera kudzaona mayi ake odwala n'kungotsatira anzake kumpira. Tsiku limenelo mnyamata wathu anawasiya kumbuyo kanayi, ndipo zigoli zathu ziwiri zinachokera kwa iye. Ndinamutulutsa nthawi yake yomwe ija. Gemu itatha, bamboyo anandikokera pambali.

"Mudhara," anatero, monga aitanira munthu wamkulu kuno, n'kupitiriza m'Chishona, "uyu wa kuphikoyu ndi wanu?"

Ndinati ndi wanga.

"Mwamutulutsiranji?"

"Alibe mpweya."

"Ndaona. Koma miyendo ngati imeneyi sigulidwa. Pakatha masabata asanu ndi limodzi tikuyesa anyamata atsopano. Mubwere naye. Kungoti kwathu munthu amamaliza gemu. Mumuwonjezere mpweya."

Za miyendo yosagulidwazo zinangondidutsa. Chimene ndinamva ndi mpweya basi. Ndinayenda kubwerera kunyumba ngati munthu amene wapambana mlandu wakalekale.

Nkhaniyo inafala komboni yonse tsiku lomwelo. Palibe amene ankakamba za kutchuka kapena kutuluka m'nyuzipepala. Chimene anthu ankanena n'chakuti timu zazikulu zimadyetsa osewera ake, ndipo mwina pamatsala kena kotumiza kwa makolo. Mayi ake a mnyamatayo anabwera kunyumba kwathu, anagwada pakhomo n'kuti, "Akochi, mwana wanuyo ali m'manja mwanu." Ndinawayankha kuti asade nkhawa, ntchito imeneyi ndikuidziwa.

Mawa lake, titaweruka, ndinamusonyeza njira. Kuchoka pabwalo, kutsika msewu wa thirakitala mpaka kudamu, kuzungulira damulo, kenako kukwera chitunda chachitali chodutsa m'mabulugama mpaka kukafika kumunda wa tiyi wapamwamba, ndiyeno kutsika m'malire a mizere ya tiyi kubwerera pabwalo. Ine ndinkamutsatira panjinga, pachitunda ndinkatsika n'kumaikankha. Sabata yoyamba ankazungulira kamodzi. Yachiwiri ndinati kawiri.

"Akochi, nanga zothamanga zifupizifupi zija tisiya?" anandifunsa.

"Liwiro uli nalo kale. Ndi lako, silipita kulikonse. Tikufuna chimene ulibe."

"Zvakanaka," anatero, kutanthauza kuti chabwino. Anyamata obadwira kuno amavomera m'Chishona ngakhale uwalankhule Chinyanja.

Ndinamuletsanso kusewera Lamlungu, kuti angavulale. Masabata onsewo sananyamukepo ndi kamodzi komwe mmene ankanyamukira. Inali nyengo yozizira, ya kamvula kowaza kamene anzathu amati guti, bambo anga ankati chiperoni. Masamba amachepa nyengo imeneyi, choncho kufakitale anamusamutsira kotuta zipika za bulugama kupititsa ku boyila. Ankasenza zipika kuyambira m'mawa, m'mimba muli tiyi, n'kubwera kwa ine madzulo kudzakwera chitunda kawiri. Sanajombepo. Tsiku lina anasanza madzi okhaokha pamwamba pa chitunda, anapukuta kukamwa ndi jezi n'kupitiriza, ndipo ine ndinamuyamikira kuti tsopano akukhala mwamuna.

Wotchi inkandisangalatsa. Sabata iliyonse muvi unkanena kuti wabwerako msanga kuposa sabata yatha, ndipo akafika pabwalo sankagwanso pansi. Ndinkauza aliyense wofuna kumva.

Woyamba kundichenjeza anali mkazi wanga. Anamuona akudutsa pampopi ndipo anati, "Inu abambo, ngati mukumuthamangitsa mwana wa eni ake chonchi, muzimudyetsanso." Kuyambira pamenepo ankandipatsa kambatata kapena dzira lophika tikakhala nalo, lokulunga m'pepala, ndipo ndinkamupatsa tikamaliza. Ankalandira ndi manja awiri n'kuika m'thumba, amvekere akadyera kunyumba. Sindinafunse. Patapita nthawi ndinamva kuti dziralo linkagawidwa pakati pa alongo ake awiri aang'ono. Ndikanangomuuza kuti adye ndikuona, akanadya, chifukwa sankandikanira kanthu.

Wachiwiri anali mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, namwino ku Mount Selinda. Ali pasukulu ya mishoni ankathamanga mipikisano ifupiifupi ndipo ankaidziwa bwino. Anabwera kudzacheza Loweruka lina la sabata yachitatu, ndipo anaima pabwalo n'kuona mnyamatayo akutsika m'mizere ya tiyi.

"Alamu, uyu si uja ankauluka kuphiko?"

"Yemweyo. Tikumukonzera Mutare."

"Mukumukonza kapena mukumugwetsa? Taonani ntchafu zake. Munthu wa liwiro amafuna kuthamanga pang'ono, mwamphamvu, kupuma, n'kubwerezanso. Mukatero mpweya umabwera wokha, liwiro lili pomwepo. Izi za mitundazi zikumuphunzitsa miyendo kuyenda pang'onopang'ono. Komanso akudya chiyani? Thupi likasowa chakudya limadya mnofu wake womwe."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti iye azibaya anthu jakisoni, za mpira atisiyire eni ake. Pachilamu munthu umatha kunena zotero aliyense n'kuseka, ndipo nayenso anaseka, koma pokwera basi anandigwira mkono n'kuti, "Mumupumitseko ngakhale masiku awiri pa sabata." Sindinamupumitse. Ndinkaona kuti masiku atsala ochepa.

Wachitatu anali bambo ake. Anandiitana ndikudutsa pakhonde pawo, anandipatsa mpando, tinapatsana moni wautali monga mwa masiku onse. Kenako anatenga buluku la mwana wawo pamakina n'kulitambasula pamaondo.

"Akochi, ine za mpira sindizidziwa. Ndimadziwa nsalu. Buluku ili ndalibweza m'chiuno kawiri mwezi uno. Lero ndikulibweza kachitatu."

Ndinati ndi mmene zimakhalira, thupi likamauma ndiye kuti likulimba.

"Kaya," anatero. "Ife mwezi wa kusala timadziwa kuti dzuwa likalowa tidya. Kusala kwa chaka chino dzuwa lake silikulowa. Ndiye munthu wosala chotere n'kumakweranso phiri kawiri?"

"Atsala masabata awiri okha, bambo. Akafika ku Mutare azikadya katatu."

Mkuluyo anaika buluku pansi pa singano n'kuyamba kupalasa makina. Sanandiletse. Anali munthu woti akapereka mwana m'manja mwa wina salowereranso.

Mwini wakeyo analankhula kamodzi kokha. Tinali pansi pa chitunda, pafupi ndi damu, ndipo anaima n'kumaponda pansi ndi phazi limodzi ngati akuyesa matope.

"Akochi, pali china chake sichili bwino. Kale ndikaponda, pansi pankandibweza. Pano ndikaponda, ndikungoponda."

Ndinamva bwinobwino. Ndinadziwa kuti akunena chinthu chimene ine sindinachimvepo m'miyendo mwanga, ndipo chifukwa sindinachimvepo ndinati kulibe. Ndinamuuza kuti kumeneko ndi kutopa wamba, ndipo kutopa ndi ulesi zimakhala nyumba zoyandikana. Anangoti zvakanaka, n'kuyamba kukwera.

Tsiku la ulendo tinakwera lole ya kampani yopititsa tiyi ku Mutare. Dalaivala anali wa kutchalitchi kwathu ndipo anatilola kukhala kumbuyo, pakati pa matumba. Mayi ake anamukulungira zitumbuwa zinayi za nthochi, sindidziwa ufa wake anaupeza kuti. Nsapato za mpira anabwereka kwa mnzake, ndipo bambo ake anazisoka kutsogolo ndi ulusi wa matumba. Njira yonse ankandifunsa za bwalo la m'tauni, ngati udzu wake ndi wautali, ngati limapendekeka ngati lathu.

Panali anyamata ambiri, ochokera mbali zosiyanasiyana, ndipo anawagawa m'matimu. Bambo wa jekete uja anatizindikira, anamugwira paphewa mnyamata wanga n'kuuza kochi wamkulu kuti, "Uyu ndi amene ndinkanena uja. Mungomuona." Anamuika kuphiko lakumanja.

Pasanapite nthawi wina anaponya mpira kuseri kwa wotchinga kumbuyo, mpira wotsika bwino, wa mtundu umene kwathu azimayi akanaimirira kale. Ndinamuona akuwerama mmene ankachitira. Ananyamuka. Koma wotchingayo, mnyamata wojintcha, wa matako aakulu, anatembenuka n'kuthamanga naye limodzi, phewa ndi phewa, ndipo anafika pampira onse pamodzi. Anangomukankha pang'ono, mpira n'kutuluka. Mnyamata wanga anaima n'kuyang'ana miyendo yake. Unabweranso wina wotero, ndipo ulendo uno wotchingayo anafika poyamba. Wachitatu sanautsatire n'komwe. Anabwerera pakati n'kuyamba kuchita zimene ndinamuphunzitsa osadziwa: kuthamangira munthu uyu, kubwerera, kutseka apa, kulanda apo. Anathamanga gemu yonse. Ena ankagwa ndi kukokana kwa minofu, ena ankapempha madzi, iye ali chithamangire. Oyimbira ataimba wenzulo yomaliza anali asanagwire m'chiuno. Nditamuyang'ana ndinaona kaseweredwe kanga komwe, ndipo kanali kosasangalatsa kuonera.

Bambo wa jekete anandipeza kuseri kwa benchi.

"Mudhara, mwandibweretsera wina. Uja ndinamuona ali kuti?"

"Ndi yemweyo. Munati amalize gemu. Wamaliza."

"Ndinati mumuwonjezere, sindinati mumusinthe. Othamanga tsiku lonse tili nawo odzaza basi. Timafuna uja wosiya munthu ataima." Anapukusa mutu. "Mwandichititsa manyazi kwa abwana. Mwanayu akudwala kapena?"

Ndinati sakudwala. Anandigwira chanza n'kupita kwa ena.

Pobwerera lole inali yopanda katundu ndipo tinkagwedezeka ndi mabampu. Tinadutsa mphambano ya ku Chimanimani. Kenako mnyamatayo anati, "Ndamaliza gemu yonse, akochi."

"Wamaliza."

"Ati bwanji?"

Ndinayang'ana kumapiri. Ndinati asangalala nawe, ati aganizire kaye, atumiza uthenga. Anagwedeza mutu, anatulutsa chitumbuwa chimodzi chimene chinatsala, anachinyema n'kundipatsa mbali yaikulu. Ndinadya.

Bodza limenelo ndinalibwereza kwa mayi ake, kwa bambo ake, ndi kwa komboni yonse. Mkazi wanga yekha ndi amene ndinamuuza zoona, ndipo anangoti, "Ndiye mutani?"

Chimene ndinachita chinali choipa kuposa choyamba. Ndinaganiza kuti ngati liwiro ndalichotsa m'masabata asanu ndi limodzi, ndingathe kulibweza m'masabata awiri, n'kumutengeranso ku Mutare bamboyo asanaiwale. Sindinamupatse ndi tsiku limodzi lopuma. Lachiwiri lotsatira, kukuzizira, guti akuwaza, ndinaika miyala iwiri pabwalo, umodzi pamzere wapakati wina pafupi ndi golo, n'kumuuza kuti lero tibwerera ku zake zija. Nkhope yake inawala. Sindinamuuze kuti ayambe watenthetsa thupi, chifukwa ine pa moyo wanga wonse ndinkatenthera m'gemu momwemo.

Koyamba anathamanga bwino pang'ono. Ndinayang'ana wotchi n'kuti abwereze msanga. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndinakuwa kuti, "Zonse! Tulutsa zonse!" Anatulutsadi. Atatsala pang'ono kufika pamwala anadumpha ngati waponda munga, anagwira kuseri kwa ntchafu yakumanja n'kugwa chammbali. Sanalire. Nditafika anali akukukuta mano, ndipo anati, "Chaduka, akochi. Ndachimva."

Ndinamukweza panjinga n'kumukankha mpaka kukiliniki ya pa esiteti. Kunalibe mankhwala, ngakhale bandeji. Akukilinikiwo anangotiuza kuti mnofu wang'ambika, agone masabata angapo osaponda. Pofika madzulo ntchafu yonse inali itada mpaka kuseri kwa bondo. Bambo ake anang'amba nsalu yakale, anaisoka m'mbali kuti isayoyoke n'kumumanga nayo. Ine ndinaima pakhomo, chipewa m'manja. Mkuluyo anandipatsa mpando ngati kale, anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Za buluku sanazitchulenso. Ndikanakonda akanandilalatira.

Masabata angapowo sanagone. Ufa ukabwera unkaperekedwa kwa amene ali pantchito, ndipo m'nyumba mwawo wogwira ntchito anali iye yekha. Patatha masiku khumi anabwerera kukasenza zipika, akutsimphina. Ndinakapempha kapitawo wa kufakitale kuti amupatse ntchito yokhala pansi, ndipo anamuika kosesa masiku atatu, kenako anamubweza ku zipika chifukwa anthu anali atachepa. Mnofuwo unapola molakwika. Mlamu wanga atabweranso anaugwira n'kunena kuti pali chotupa cholimba mkati, sudzatambasukanso ngati kale. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangosamba m'manja n'kukakhala kukhitchini ndi mkulu wake.

Mvula itayamba anayesa kusewera gemu imodzi. Anapempha yekha kuti ndimuike pakati. Anasewera bwino ndithu, mwanzeru, osataya mpira. Azimayi sanaimirire. Chaka chisanathe anawoloka malire cha ku Mount Selinda kulowa ku Mozambiki ndi anzake awiri, ndipo pambuyo pake tinamva kuti ali ku Joni, akugwira ntchito yomanga. Anabwera kudzanditsanzika m'mawa wa tsiku limene ankanyamuka. Anandifunsa ngati a ku Mutare atumiza uthenga, ndipo ndinati ayi, sanatumize. Anati uthengawo ukadzafika ndidzauze bambo ake.

Timu ndinakhala nayo zaka zina ziwiri. Ndinasiya kutumiza anthu kudamu. Ndinayamba kuchita zimene mlamu wanga ananena, kuthamanga pang'ono mwamphamvu, kupuma, kubwereza, ndipo tsiku lotsatira gemu aliyense ankapuma. Ndinaona ndi maso anga kuti zimathandiza, ngakhale aja olemera miyendo ngati ine ankapepukako, ndipo mpweya unkabweradi. Koma wa miyendo ngati ija sanabwerenso pabwalo lathu.

Bambo ake anamwalira patapita zaka zingapo, zinthu zitayamba kupezeka m'masitolo. Asilamu sachedwa kuika maliro, choncho mwanayo sanawapeze. Anafika pa sadaka ya masiku makumi anayi. Kumeneko tinangopatsana moni pakati pa anthu. Tsiku limene ankabwerera ndinapita dala m'tauni, n'kumupeza pa depoti ya Chipinge atakhala pa chikwama chake, akudikira basi idzaze. Anali atanenepa, ali ndi ndevu, ndipo poimirira kundipatsa moni ndinaona kuti mwendo wakumanja amayamba wauwongola kaye.

Tinakamba za maliro, za mayi ake, za ana ake awiri amene sadziwa Chinyanja ngakhale liwu limodzi. Kenako ndinati, "Pali chimene ndinakunamiza. A ku Mutare aja sananene kuti atumiza uthenga. Anakana tsiku lomwe lija."

"Ndinamva, akochi," anatero. "Ndinali kuseri kwa benchi komweko, ndikumasula nsapato. Ndinamva zonse."

"Nanga unandifunsiranji m'lole muja? Ndi tsiku lonyamuka lija?"

Anaseka pang'ono n'kuyang'ana pansi. "Ndinkafuna munene nokha. Mutapanda kunena, ndinaona kuti zikukuvutani, ndiye ndinangozisiya. Komanso amayi ankasangalala ndi kudikirako."

Ndinamufunsa ngati amasewerako kumeneko. Anati ayi, koma Lamlungu amakaonera anyamata a m'dera lawo, ndipo nthawi zina amawauza zina ndi zina. Anati ntchito yomanga imafuna munthu wosatopa, ndipo abwana ake amamukonda chifukwa amakwera masitepe ndi matumba a simenti tsiku lonse osakhala pansi. Ananena zimenezi mosaseka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankandithokoza kapena ankafuna ndimve kuwawa. Mwina iyenso sankadziwa.

Anandifunsa za anzake a m'timu, mmodzimmodzi, ndipo ndinamuuza amene anabwerako, amene anamwalira, ndi amene sitinamvenso za iwo. Kondakitala anayamba kumenya m'mbali mwa basi. Ndinali nditakonza mawu njira yonse kuchokera ku esiteti, ndipo liwu loyamba linali lakuti pepa. Mnyamata wanga uja ananyamula chikwama, anandigwira chanza ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti ayende bwino, akapereke moni kwa akazi ake ndi ana. Anati afika nawo moniwo, n'kukwera.